Zoyenera kutsata banja la ku Mangochi likafuna thandizo la kampani ya maliro yoyendetsedwa ndi banja

Kuno ku Mangochi, chimene chimalamula dongosolo la maliro koposa zonse ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, thupi la munthu womwalira silingasungidwe m'nyumba masiku awiri popanda chisamaliro chapadera, ndipo zimenezi zimakakamiza banja kugamula nkhani zikuluzikulu m'maola owerengeka, mitima idakali yosweka komanso ndalama zisanasonkhedwe. Malangizo awa ndi a banja limene laganiza zopempha thandizo kwa ochita bizinesi yothandiza pa maliro, makamaka kampani zing'onozing'ono zimene zili m'manja mwa banja limodzi, poti ndi zimene anthu ambiri timakumana nazo m'matauni ngati athu.

Kumene kampani zimenezi zinachokera

Kale ntchito yonse ya maliro inali ya mudzi. Amfumu ankapereka malo kumanda, adzukulu ankakumba ndi kuika, amayi ankatunga madzi ndi kuphika, ndipo achipembedzo ankatsogolera mapemphero. Munthu yekhayo amene banja linkamulipira anali kalipentala wokhoma bokosi, ndipo kawirikawiri ankalikhoma usiku womwewo ndi matabwa amene banja lapeza. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anatenga miyoyo yambiri m'dziko muno, malo okhomera mabokosi anachuluka m'mbali mwa misewu ndi pafupi ndi zipatala, mwakuti akalipentala ambiri anasiya kukhoma mipando ndi zitseko n'kuyamba kusunga mabokosi okhoma kale. Boma litayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere mu 2004, imfa zinayamba kuchepa, ndipo amene anapitiriza bizinesiyi ndi amene anawonjezera ntchito zina monga galimoto yonyamula thupi, matenti, mipando, nkhata zamaluwa ndi kukonza thupi ndi mankhwala.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kwa inu ofedwa. M'kampani ya pabanja mumapeza kuti bambo ndiye anayamba ndi ukalipentala, mwana wawo wamwamuna ndiye amayendetsa galimoto, mayi amasoka nsalu za m'kati mwa bokosi ndi kusunga ndalama, pamene mdzukulu wawo amayankha foni. Anthu oterewa amapemphera nafe kumzikiti kapena kutchalitchi, amagula nafe pamsika umodzi, ndipo akachita chinyengo pa maliro amodzi nkhani imafika ku Namwera ndi ku Monkey Bay sabata isanathe. Manyazi amenewa ndiwo chitetezo chanu chachikulu, ndipo ndi chifukwa chake mwini wake amatha kuvomera kuti gawo lina la ndalama lidzaperekedwe chipepeso chikasonkhedwa, zimene kampani yaikulu ya ku Blantyre singachite kwa munthu wosamudziwa. Komabe musaiwale mbali inayo: bizinesi ya pabanja nthawi zambiri imakhala ndi galimoto imodzi yokha, siizolowera kulemba mapangano, ndipo luso la bambo silipita lokha kwa mwana chifukwa chakuti dzina pachikwangwani silinasinthe. Dzina labwino la zaka makumi awiri zapitazo liyenera kutsimikizidwa ndi maliro amene anthuwo anayendetsa chaka chino.

Musanaimbire kampani iliyonse

Uthenga woyamba usapite kwa ogulitsa bokosi. Upite kwa mwini mbumba, amene m'mabanja ambiri a Chiyao ndi Chinyanja a m'boma lino amakhala malume kapena mchimwene wamkulu wa kuchikazi, kenako kwa ankhoswe ngati malemuwo anali pabanja, kwa amfumu, ndi kwa a shehe, abusa, ansembe kapena akulu a mpingo. Amfumu ndiwo amaloleza kuti maliro alengezedwe ndi kuti manda akumbidwe, ndipo banja limene lafika ndi galimoto ya maliro pamudzi amfumu asanauzidwe limayamba mwambo ndi mlandu. Kampani yodziwa ntchito yake idzakufunsani yokha ngati amfumu amva, ndipo ikafunsa chotero dziwani kuti mwapeza anthu odziwa mwambo.

Akuluakulu akakumana, asankhe munthu mmodzi woti azilankhula ndi kampani, ndi wina wosunga ndalama ndi kulemba m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka. Anthu awiriwa asakhale namfedwa weniweni, chifukwa mayi amene wataya mwamuna wake kapena bambo amene wataya mwana amavomera mtengo uliwonse pofuna kusonyeza chikondi. Chisokonezo chachikulu chimabwera pamene mchimwene wa ku Lilongwe waimba foni kuitanitsa kasiketi, mlongo wa ku Johannesburg walonjeza matenti atatu, pamene amalume amene ali pamudzi apangana kale za bokosi wamba. Mwini kampani auzidwe momveka bwino kuti alandire mawu kuchokera kwa munthu mmodzi yekha, ndipo achibale akutali atumize maganizo awo ndi ndalama zawo kudzera mwa iyeyo.

Mapepala

Ngati munthu wamwalirira kuchipatala, kaya chipatala chachikulu cha boma cha pa Mangochi, cha ku Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi kapena china chilichonse, achipatala amalemba za imfayo ndi chimene chaichititsa, ndipo thupi silituluka m'nyumba yachisoni popanda chilolezo chawo. Tengani chiphaso cha unzika cha malemu, buku lawo la kuchipatala, ndi chiphaso cha amene akusainira thupi. Ngati munthu wamwalirira kunyumba atadwala nthawi yaitali, amfumu ndiwo amachitira umboni, ndipo kalata yawo ndi imene idzakuthandizeni polembetsa imfayo ku ofesi ya National Registration Bureau imene ili kwa bwanamkubwa wa boma lino. Lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti imfa iliyonse ilembetsedwe, ndipo ngakhale mabanja ambiri amanyalanyaza zimenezi, amadzazifuna pambuyo pake akapita kubanki kapena kukafunsa za penshoni.

Imfa yadzidzidzi ili ndi njira yakeyake. Msodzi akamira panyanja nyengo ya mwera, munthu akagwidwa ndi ng'ona mu Shire kapena pa Malombe, akagundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, kapena akapezeka atafa mosadziwika bwino, apolisi ayenera kuuzidwa thupi lisanasambitsidwe kapena kubayidwa mankhwala, chifukwa achipatala amayenera kuliyeza kaye. Kampani imene ingavomere kukonza thupi lotere apolisi asanalole ikuikani pa mlandu inuyo pamodzi ndi iwo omwe. Imfa ya kolera nayonso siili m'manja mwa banja lokha. Pa mliri wa 2022 ndi 2023, umene unakantha boma lino kwambiri, azaumoyo ndiwo ankakonza matupi ndi mankhwala a klorini ndi kuyang'anira kuti aikidwe mwamsanga popanda kusambitsidwa kunyumba, ndipo malangizo awo pa imfa zotere amaposa zofuna za banja ndi za kampani.

Gwirizanani za tsiku ndi malo musanagule kanthu

Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira ndalama, chifukwa amayamba kugula asanadziwe kuti maliro aikidwa liti, kuti, ndi mwa chipembedzo chiti. Zinthu zitatuzi ndi zimene zimasonyeza thandizo limene mukufunadi.

Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo pa Chisilamu maliro amaikidwa mwamsanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka kapena m'mawa mwake. Thupi limasambitsidwa ndi Asilamu anzake odziwa mwambowo, amuna kwa mwamuna ndi amayi kwa mayi, kenako limakulungidwa mu sanda yoyera, imene kawirikawiri imakhala nsalu zitatu kwa mwamuna ndi zisanu kwa mayi. Limanyamulidwa pa jeneza, chonyamulira maliro chimene chimasungidwa kumzikiti, limapemphereredwa swala ya jeneza, ndipo limagonekedwa m'kachipinda kokumbidwa pansi pa dzenje, litagonera mbali ya kudzanja lamanja, nkhope italoza ku Makka, kumene kwa ife kuno ndi chakumpoto. Pa maliro otere bokosi silifunika, nkhata zamaluwa sizifunika, ndipo kubaya thupi mankhwala sikuchitika pokhapokha pakhale chifukwa chachikulu monga ulendo wochoka kunja kwa dziko. Chimene banja la Chisilamu lingafune kwa kampani ndi galimoto yofulumira yochotsa thupi kuchipatala kupita kumudzi, nsalu ya sanda, matabwa otsekera kachipinda ka m'manda, ndiponso tenti ndi mipando ya anthu odzapepesa. Kampani imene yakhala m'boma lino zaka zambiri imadziwa zimenezi, ndipo siiyesa kugulitsa bokosi kwa banja limene labwera ndi a shehe.

Kwa Akhristu, kaya a Katolika a mu dayosizi ya Mangochi, a Anglican a mu dayosizi ya Upper Shire, a CCAP, a Seventh Day kapena a mipingo ina, maliro amatha kudikira tsiku limodzi, awiri kapena kupitirira kuti abale akutali afike, ndipo pamakhala kuchezera usiku ndi nyimbo za amayi a Mvano, a Dorika, a Mothers' Union kapena a m'mphakati, kuona nkhope, ndi mwambo wa mapemphero. Kudikira kumeneku ndi kumene kumabweretsa kufunika kwa nyumba yachisoni yozizira ndi kukonza thupi. Langizo langa ndi lakuti musankhe tsiku poyang'ana anthu awiri kapena atatu amene maliro sangaikidwe iwo palibe, osati aliyense amene walonjeza kubwera, chifukwa tsiku lililonse lowonjezera limadya ufa, ndiwo ndi nkhuni za pasiwa, kuphatikizapo ndalama yosungira thupi.

M'mabanja ambiri a kuno muli Asilamu ndi Akhristu pamodzi, mwina mayi ndi wa kumzikiti pamene ana ena analowa mpingo. Njira yopewera mkangano ndi kutsata chipembedzo chimene malemuwo ankatsata ali moyo, ndipo zimenezi zigamulidwe ndi akuluakulu a banja kampani isanauzidwe chochita. Musayembekezere mwini kampani kuti aweruze mkangano wotere, ndipo wanzeru amakana kuyamba ntchito mpaka banja litalankhula ndi mawu amodzi.

Kusankha kampani

Pitani nokha kukaona, anthu awiri kapena atatu, osangodalira foni kapena zithunzi za pa WhatsApp. Mukafika lankhulani mwaulemu monga mmene timachitira pa zovuta, mwachitsanzo: "Bambo, tabwera ndi zovuta. Amayi athu aakulu atisiya usiku wathawu kuchipatala, ndipo tikufuna tikawagoneke mawa kumudzi kwa a Chimwala. Tatumidwa ndi amalume kuti timve zimene mungatithandize." Mawu oterewa amamuuza mwini wake zonse zofunika, ndiye kuti kumene thupi lili, tsiku, mtunda ndi amene ali ndi ulamuliro, ndipo amasonyezanso kuti simunabwere mosokonezeka.

Onani galimoto ndi maso anu. Yang'anani matayala, funsani ngati ili ndi tayala lapadera, ndipo funsani chimene adzachite ikawonongeka panjira kapena ikakhala kuti yatengedwa kale ndi maliro ena tsiku lomwelo. Kampani zapabanja zimene zimagwira bwino ntchito zimakhala ndi mgwirizano ndi anzawo obwerekana galimoto, ndipo mwini wake amayankha funsoli mosazengereza. Ngati akunena kuti ali ndi malo osungira matupi, funsani ngati ali ndi jenereta ndi mafuta ake, chifukwa magetsi a ESCOM akazima kwa maola angapo mu Okutobala chipinda chozizira chimasanduka ng'anjo. Ambiri mwa ochita bizinesiyi alibe malo awoawo osungira matupi ndipo amadalira nyumba yachisoni ya chipatala, zimene si zolakwika, malinga akuuzeni zoona. Funsaninso amfumu, a shehe kapena akulu a mpingo amene aona maliro ambiri kuposa inu, pakuti iwo amadziwa kampani imene imafika nthawi yake ndi imene imasiya anthu padzuwa akudikira thupi.

Mtengo ndi mgwirizano

Pemphani kuti chinthu chilichonse chilembedwe pachokha ndi mtengo wake: bokosi, kusambitsa ndi kuveka, mankhwala, kusunga thupi pa tsiku, galimoto, tenti, mipando, nkhata ndi chipangizo chotsitsira bokosi m'manda. Mtengo umodzi wophatikiza zonse umabisa zinthu zimene simukuzifuna, ndipo mukaziona pachokhapachokha mudzapeza kuti mabenchi mungabwereke kutchalitchi kapena kusukulu, ndiponso kuti adzukulu a kumudzi kwanu amatsitsa bokosi ndi zingwe mwaulemu wokwanira. Pa galimoto funsitsani ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, ngati ukuwerengera ulendo wobwerera, ndiponso ngati dalaivala adzagone kumudzi, chifukwa apa ndi pamene mikangano yambiri imabukira maliro atatha.

Musachite manyazi kunena ndalama imene muli nayo. Kunenerera mtengo wa bokosi si kunyoza malemu, ndipo mwini bizinesi amene wakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali waona mabanja ambiri akugulitsa bwato, ukonde kapena munda chifukwa cha mwambo wa tsiku limodzi. Ngati malemu anali ndi inshuwalansi ya maliro, ngati ankagwira ntchito m'boma kapena pa kampani imene imapereka bokosi ndi galimoto, kapena ngati anali m'gulu la banki m'khonde limene lili ndi thumba la zadzidzidzi, fufuzani zimenezi musanalipire kanthu, pakuti ena mwa mabungwewa amalipira kampani imene iwo asankha ndipo sabweza ndalama imene mwawononga kwina.

Mukagwirizana, zilembedwe papepala ngakhale la m'kope, ndi tsiku, nthawi imene galimoto idzafike, ndalama yaperekedwa ndi yotsala, ndipo mbali zonse ziwiri zisaine. Mukalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba sungani uthenga wotsimikizira, ndipo tumizani ku nambala imene mwini wake wakupatsani pamaso, osati imene mwauzidwa ndi munthu wongokumana naye pachipata cha chipatala. Kupempha lisiti kwa munthu amene mumadziwana naye kumaoneka ngati kumukayikira, koma lisitilo ndi limene wosunga ndalama adzaonetse kwa abale onse pa tsiku lowerengera chipepeso, ndipo mukafotokoza chotero palibe amene angakhumudwe.

Kukonza thupi ndi kusankha bokosi

Ngati maliro adikira kupitirira tsiku limodzi kapena ayenda ulendo wautali, thupi libayidwe mankhwala mwamsanga, chifukwa mankhwalawo, amene gawo lake lalikulu ndi formalin, amachedwetsa kuwonongeka koma sabweza zimene zawonongeka kale. Funsani kuti adzachite ntchitoyi ndani ndipo anaiphunzira kuti, komanso muwauze zoona za masiku amene mukufuna kudikira ndi mtunda umene thupi lidzayende, pakuti kuchuluka kwa mankhwala kumatengera zimenezi. Banja litumize anthu awiri achikulire, amayi kwa mayi ndi amuna kwa mwamuna, kuti akakhalepo posambitsa ndi poveka, atatenga zovala, nsalu, sopo ndi yunifolomu ya bungwe la mpingo ngati malemu anali membala. Anthu omwewa ndi amene atsimikize nkhope bokosi lisanatsekedwe, chifukwa m'nyumba yachisoni mumakhala matupi angapo ndipo kulakwitsa kotere sikukonzeka manda akakwiriridwa.

Posankha bokosi, yambani ndi muyeso wa malemu, kutalika ndi kukula kwa m'mapewa, kenako yang'anani pansi pake osati kuwala kwa vanishi. Mabokosi ambiri masiku ano amakhomedwa ndi matabwa a paini kapena ndi matabwa opanikiza a m'fakitale, chifukwa mitengo ya mbawa ndi mlombwa inasowa ndipo ndi yodula. Matabwa opanikizawo amaoneka bwino koma amafufuma akanyowa, choncho nyengo ya mvula kapena pa ulendo wa pagalimoto yosatseka ndi bwino kusankha la matabwa enieni. Gwedezani zogwirira kuti muone ngati ndi zonyamuliradi kapena ndi zokongoletsa chabe, ndipo ngati ndi zokongoletsa uzani onyamula kuti agwire pansi. Muyeso wa bokosi utumizidwe kwa adzukulu asanamalize kukumba, makamaka ngati mwagula kasiketi, imene imakhala yotakata kuposa bokosi wamba. Palibe chinthu chochititsa manyazi kumanda ngati anthu kuimirira ndi nyimbo pamene adzukulu akukulitsa dzenje ndi makasu.

Ulendo

Boma la Mangochi ndi lalikulu ndipo misewu yake si yofanana. Kuchoka pa boma kupita ku Monkey Bay kapena ku Liwonde msewu ndi wa phula, ndipo wopita ku Namwera ndi ku Chiponde mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi umakwera phiri lokhotakhota limene limafuna galimoto ya mabuleki abwino. Wopita kwa Makanjira ndi wautali ndipo nyengo ya mvula mitsinje imatha kuudula, choncho funsani za msewu kwa anthu amene adutsamo tsiku lomwelo, ndipo nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere. M'galimoto yonyamula thupi mukwere abale ochepa amene mwagwirizana ndi kampani, ndipo wolankhulira banja aziimbira amfumu ndi anthu a pasiwa kuwauza pamene ulendo wafika, kuti anyamata aike masamba pamsewu ndi amayi akonzekere kulandira.

Maliro ochokera ku South Africa ndi nkhani imene midzi yambiri ya kuno ikuidziwa, poti achinyamata ochuluka a m'boma lino amagwira ntchito ku Joni. Thupi silingawoloke malire popanda chiphaso cha imfa cha dzikolo, kalata yosonyeza kuti lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha azaumoyo cholitulutsa kumeneko ndi cholilowetsa kuno, komanso makalata a ofesi ya kazembe wa Malawi. Mapepalawa amayendetsedwa ndi kampani ya kumeneko pamodzi ndi abale kapena gulu la Amalawi limene malemu ankasonkhako. Pa msewu thupi limadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo ulendowo umatenga masiku angapo. Pa ndege limatsikira pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe. Chimene banja la kuno liyenera kufunsa msanga ndi chakuti ndalama imene yalipidwa kumeneko ikufikitsa thupi pati, pakhomo penipeni kapena ku Blantyre, chifukwa ngati ndi ku Blantyre patsala mtunda wa makilomita pafupifupi 190 umene kampani ya kuno iyenera kuyenda. Musasonkhanitse anthu pasiwa thupi lisananyamuke, pakuti kuchedwa kwa pepala limodzi kumatha kudyetsa mudzi wonse sabata yathunthu. Mabanja ena a Chisilamu amasankha kuika m'bale wawo komweko pofuna kusunga lamulo loika mwamsanga, n'kuchita mapemphero ndi sadaka kumudzi, ndipo chisankho chimenechi chiyenera kulemekezedwa.

Tsiku loika

Kampani ikafika pamudzi ndi mlendo, ndipo ntchito yake imathera pamene ya mudzi yayambira. Wolankhulira banja aonetse dalaivala ndi anzake kwa amfumu ndi kwa mkulu wa adzukulu, ndipo agwirizane kuti ndani anyamule bokosi kuchoka m'nyumba, ngati galimoto idzafike kumanda kapena anthu adzanyamula pamapewa, ndiponso ngati chipangizo chotsitsira chiloledwa. M'midzi yambiri manda ndi malo a adzukulu ndipo munthu wachilendo salowamo ndi zida zake popanda chilolezo. Akuluakulu amati maliro n'kulirana, ndipo banja limene lalipira kampani kuti ichite zonse, n'kusiya anthu a pamudzi opanda chogwira, limaoneka ngati lakana kuliridwa. Lolani amayi aphike, anyamata adule nkhuni, adzukulu akumbe ndi kudya nsima yawo monga mwa mwambo, ndipo kampani ichite zokhazo zimene mudzi sungathe.

M'madera a m'mphepete mwa nyanja dothi ndi lamchenga ndipo limagumuka, pamene nyengo ya mvula madzi amatha kutuluka m'dzenje lisanafike pakuya koyenera. Ngati banja likufuna kumanga m'kati mwa manda ndi njerwa ndi simenti, zipangizo ndi mmisiri zifike dzulo lake, ndipo amfumu avomereze, chifukwa si midzi yonse imene imalola. Nthawi yoona nkhope ikhale yaifupi ndipo bokosi likhale pamthunzi. Olankhula auzidwiretu kuti ndi angati, pakuti kampani imene yabwereketsa galimoto ndi matenti imakhala ndi nthawi yobwerera, ndipo maola owonjezera amatha kulipiritsidwa. Anthu asanabalalike, munthu mmodzi awerenge mipando ndi zipangizo zonse pamodzi ndi wa kampani, kuti chosowa kapena chothyoka chidziwike pomwepo.

Maliro akatha

M'mawa mwake, kapena pa tsiku limene banja limakumana kumeta kapena kukonza za sadaka, wosunga ndalama awerenge pamaso pa onse chipepeso chimene chinalowa ndi malisiti a zimene zinatuluka, ndipo ngongole ya kampani ikhale yoyamba kubwezedwa. Mwini wake anakukhulupirirani pa tsiku lovuta chifukwa chodziwana, ndipo banja limene lamuzemba limatsekera njira mabanja ena a m'mudzi momwemo amene adzafune kukongozedwa bokosi mtsogolo. Ngati pali chimene sichinayende bwino, wolankhulira banja apite akanene kwa mwini wake mwachindunji ali ndi pepala la mgwirizano m'manja.

Kenako tsatirani chiphaso cha imfa kwa bwanamkubwa, chifukwa ndi chimene mabanki, a inshuwalansi, a penshoni ndi ofesi ya boma yoona za chuma cha omwalira ya Administrator General amafuna asanatulutse chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ngakhale wolandayo atanena kuti akubweza ndalama zimene anawononga pa maliro. Ichi ndi chifukwa china chimene kope la ndalama liyenera kusungidwa bwino.

Kampani zambiri zapabanja zimamanganso ziliza, ndipo zina zimayamba kukambirana za chiliza maliro asanathe n'komwe. Musafulumire. Dikirani kuti dzinja limodzi lidutse kuti dothi la pamanda likhazikike, chifukwa chiliza chomangidwa pa dothi lofewa chimang'ambika kapena kupendekeka, makamaka pa mchenga wa kunyanja. Pa manda a Chisilamu funsani kaye a shehe, poti ambiri salola zomanga zazikulu ndipo chizindikiro chaching'ono chimakwanira. Mukadzafika pomanga, lembani dzina la malemu, tsiku lobadwa ndi lomwalira papepala monga mmene ziliri pa chiphaso cha unzika, anthu awiri a m'banja awerenge ndi kuvomereza, ndipo mmisiri akuonetseni zilembozo asanayambe kuzigoba pamwala.